Chikepe cha ku Amadora

Tinaijambulira m'chipinda cha Ivandra,
nsanjika yachisanu ndi chiwiri,
titaimika matiresi pazenera
kuti sitima ya ku Sintra isalowe m'nyimbo.
Inalowabe. Tcherani khutu pa vesi yachiwiri
pomwe iye akukoka mpweya: ndi imeneyo ikudutsa.

Poyamba panalibe mawu, panalibe gitala.
Panali chikepe cha m'nyumbamo
chimene chinkabuula chikafika pansanjika yachinayi,
gwiii, kenako du, du,
ngati munthu amene wakumbukira ngongole.
Ndinachitchera maikolofoni masiku atatu
mpaka Dona Graciete wa khomo loyandikana
anandifunsa ngati ndine wapolisi.
Kubuulako ndinakudula, ndinakunenepetsa pa kompyuta,
kunasanduka ng'oma.

Ivandra anabwera ndi mizere inayi
yolembedwa kuseri kwa kalata ya mwini nyumba,
theka m'Chipwitikizi,
theka m'chinenero chimene mayi ake amamukalipira nacho.
Kakokedwe ka mawu mpaka anjenjemere
anaba ku fado ya pawailesi ya Dona Graciete
imene imaboola khoma Lamlungu lililonse.
Besi tinatola pansi, poimika magalimoto,
kwa anyamata a ku Luanda otsegula zitseko zonse zinayi.

Komabe inali ngati nyumba yopanda munthu.

Ndiye analowa bambo ake, Nhô Armindo,
amene anachoka pachisumbu cha Santiago ali mnyamata
kudzasenza simenti ya mzinda uno.
Anamvetsera ataimirira, chipewa chili kumutu.
Anatuluka osanena kanthu,
nabwera ndi chitsulo cha bedi lakale ndi mpeni wapatebulo.
Chitsulo paphewa, mpeni khwe-khwere-khwe,
funaná ya kwawo, mphindi zinayi osaphethira.
Atamaliza anati, zimitsani magetsi mukatha.

Kolasi Ivandra anaiimba maulendo makumi anayi ndi kamodzi.
Tinakangana, anamenyetsa chitseko, anabwerera kudzatenga jekete.
Tinasunga ulendo wachisanu ndi chinayi,
uja anali ndi chimfine.

Inatuluka Lachisanu, mvula ikugwa.
Sabata yonse zii.
Kenako ndinaimva kometera tsitsi ku Reboleira,
kenako ikudontha m'makutu mwa mtsikana m'basi,
kenako paliponse, mpaka inayamba kunditopetsa.

Olemba nawo anafika ndi masikelo awo.
Custódio Beirão wa nyuzipepala ya Loweruka
anatipatsa nyenyezi zitatu mwa zisanu.
Akuti nyimboyi yavala majekete atatu m'chilimwe,
akuti woimbayo sanasankhe kuti kwawo n'kuti.
Koma anayamikira chinthu chimodzi:
kaphokoso kachitsulo kaja, kozizira, kamakono,
kamene mwachionekere, iye anatero,
tinakaphunzira m'nyumba zovinira za ku Berlin.
Mayi wina ku Porto anati ndi nyimbo ya chaka,
nalakwitsa dzina la Ivandra kawiri m'ndime imodzi.
Wa ku London anamvamo dzuwa ndi mchenga
m'nyimbo yonena za lendi yokwera.
Msuweni wa ku Praia analemba pafoni:
mwagulitsa chitsulo cha agogo kwa azungu.
Patapita ola anawonjezera: nditumizireni ina.

Ivandra anadula nyenyezi zitatuzo ndi lumo,
nazimata pafiriji, pafupi ndi bilu ya madzi.
Anati sizikumupweteka.
Usiku womwewo anandiimbira foni kufunsa
ngati jekete lachitatu ndi iyeyo kapena ine.

Nhô Armindo tinamuwerengera pang'onopang'ono.
Berlin? anafunsa.
Kumazizira kumeneko?
Anapukuta mpeni uja pa thalauza,
nacheka nawo buledi.

Mu Juni a khonsolo anakonza chikepe.
Tsopano chimakwera mwaulemu, chosatsokomola n'komwe.
Koma dzulo ndinakwera ndi Dona Graciete,
matumba a kumsika ali m'manja,
ndipo titafika pansanjika yachinayi,
iye, osandiyang'ana,
anagogoda khoma ndi chigongono.
Du, du.